Dzina Latuluka, Nanga Ndalama? Ana a ku Chiradzulu ndi Mtengo wa Yunivesite ya Boma

Chaka chilichonse bungwe la National Council for Higher Education likatulutsa maina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, m'midzi ina ya m'boma la Chiradzulu mumamveka nthungululu. Kuchokera ku Namitambo mpaka ku Namadzi, mwana mmodzi akasankhidwa mudzi wonse umanyadira. Koma masiku ochepa akadutsa, pakhomo pamagwa bata. Agogo kapena amayi amene alera mwanayo amayamba kuwerengera mbuzi zili m'khola ndi matumba a nandolo ali m'nyumba, ndipo amaona kuti sizikwana.

M'nkhani ino tikufuna tikambirane za mtengo weniweni wa maphunziro a ukachenjede, thandizo limene lilipo, ndi chifukwa chake nkhani ya ndalama za wophunzira ili nkhani yathu tonse amene tikulimbana ndi HIV ndi Edzi.

Ana amene tinawapulumutsa akula

Chiradzulu ndi boma laling'ono koma lodzaza ndi anthu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 350,000. Minda ndi yochepa, ndipo mabanja ambiri amadalira chimanga, nandolo, masamba, ng'ombe ya mkaka kapena geni ya pamsika. Ndi limodzi mwa maboma amene mliri wa Edzi unawakantha kwambiri.

Komanso kuno n'kumene chiyembekezo chinayambira. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, pachipatala cha boma cha Chiradzulu. Apa n'kuti kutatsala zaka zitatu kuti boma liyambe kupereka mankhwalawa ulere m'dziko lonse mu 2004. Ana amene anabadwa m'zaka zimenezo, ena ali ndi kachilombo, ena ataferedwa makolo akadali kumsana, lero ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wa ku yunivesite. Magulu osamalira odwala kumudzi anawaphikira phala. Agogo anawalera. Mabungwe ndi mipingo inawagulira yunifolomu ndi kuwalipirira fizi ya ku sekondale. Ambiri mwa mathandizo amenewa amathera pa Fomu 4, pamene mtolo wolemera kwambiri ukungoyamba kumene.

Kodi fizi yakwera motani?

Yunivesite ya Malawi inatsegula zitseko zake mu 1965, ndipo kwa zaka zambiri boma linkasenza pafupifupi chilichonse: malo ogona, chakudya, ngakhalenso kandalama ka m'thumba. Akuluakulu ena m'midzi mwathu akuganizabe kuti mwana akasankhidwa ndiye kuti boma lamutenga. Zimenezi zinatha kalekale.

M'zaka za m'ma 2000 wophunzira wosankhidwa ndi boma ankalipira K25,000 pachaka. Mu 2016 Yunivesite ya Malawi inalengeza fizi ya K400,000. Ophunzira anachita ziwonetsero, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti pachotsedwe K50,000, kotero kuti ku Chancellor College inakhala K350,000. Mu 2023 yunivesiteyi inakweza fizi kufika pa K650,000, ndipo mayunivesite ena a boma nawonso anakweza m'chaka chomwecho. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu m'misika zinakwera mitengo. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho namondwe wa Freddy anali atakokolola nyumba ndi minda m'boma la Chiradzulu. Banja limene linataya mbewu zake linauzidwa kuti lipeze fizi yokwera pafupifupi kawiri.

Mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi. Pali Yunivesite ya Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS yophunzitsa zaumoyo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, LUANAR ya zaulimi ku Bunda, Yunivesite ya Mzuzu, ndi MUST imene inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo. Yunivesite imene ili m'boma la Chiradzulu, ya Katolika ku Nguludi, ndi ya mpingo osati ya boma. Choncho mwana wa kuno akasankhidwa ndi boma ayenera kuchoka pakhomo, ndipo kuchoka pakhomo kuli ndi mtengo wake.

Chimene chimagwetsa ophunzira ambiri

Fizi imalembedwa pakalata, aliyense amaiona. Zimene sizilembedwa ndi izi: lendi, chakudya, makala, sopo, thiransipoti, kusindikiza ntchito za m'kalasi, ndalama za intaneti, ndiponso foni kapena laputopu, popeza masiku ano aphunzitsi amatumiza zowerenga kudzera pa intaneti. Kwa mtsikana onjezeranipo zofunika pa nthawi ya kumwezi.

Mahositelo a m'mayunivesite a boma sakwanira ophunzira onse. Ambiri amachita lendi m'madera oyandikana ndi sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, nthawi zina anayi m'kachipinda kamodzi. Chakudya chaulere cha ku kafeteriya chinatha. Wophunzira amagula yekha kapena kudziphikira pa mbaula. Mwana wa ku Njuli amene akuphunzira ku Blantyre kapena ku Zomba angathe kubwera kudzatenga ufa kumapeto kwa mwezi. Amene watumizidwa ku Mzuzu sangatero, chifukwa ulendo wokhawo ungathe kudya ndalama ya chakudya cha milungu ingapo.

Mu 2024 boma linakweza ngongole yothandizira wophunzira pa zofunika za tsiku ndi tsiku kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tikatenga kuti wophunzira amakhala pasukulu miyezi pafupifupi 8, ndiye kuti anali ndi K70,000 pamwezi, imene ndi K2,300 ndi kanthu patsiku. Pandalama imeneyi pachoke lendi, kenako adye, achape, asindikize mapepala. Mayi aliyense amene amagula ndiwo pamsika wa Mbulumbuzi angatiuze pamene ndalama yotereyi ingathere. Ndipo si onse opempha ngongole amene amapatsidwa.

Njala ya pasukulu ndi kachilombo

Apa ndi pamene nkhani ya ndalama ikukumana ndi nkhani ya HIV. Mtsikana amene wagona ndi njala masiku awiri, mwini nyumba akumuopseza kuti amutulutsa, savuta kunyengeka ndi bambo wa galimoto amene akulonjeza kumulipirira lendi. Pa ubwenzi wotere wopereka ndalama ndi amene amalamula, ndipo mtsikanayo alibe mphamvu yonena kuti tigwiritse ntchito kondomu kapena tikayezetse kaye. Anyamata nawo sapulumuka. Ena amagwa m'manja mwa anthu akuluakulu a ndalama, ena amathawira ku mowa pofuna kuiwala mavuto.

Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 mpaka 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV, ndipo amayi ndi amene ali ambiri kuposa abambo. Kafukufuku wina anachitikira kwa anansi athu a ku Zomba, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Atsikana a pasukulu ndi makolo awo ankapatsidwa kandalama mwezi uliwonse. Patatha miyezi 18, mwa atsikana olandira ndalama 1.2 peresenti ndi amene anapezeka ndi HIV, pamene mwa osalandira anali 3 peresenti. Olandira ndalamawo sankakondanso kukhala ndi zibwenzi zowaposa msinkhu. Ambiri mwa atsikanawo anali a ku pulayimale ndi ku sekondale, koma phunziro lake likutikhudza: mtsikana amene ali ndi sopo ndi chakudya amatha kukana.

Kwa wophunzira amene ali kale pa ma ARV pali zovuta zinanso. Kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku m'mimba muli pululu kumafooketsa. M'chipinda chogona anthu ambiri, ena amabisa botolo ndi kudumphitsa masiku poopa kusalidwa. Ena amafuna kumabwerera kwawo kudzatenga mankhwala kuti anzawo asadziwe, ndipo ndalama ya basi ikasowa amakhala osamwa. Kudumphitsa mankhwala kumachulukitsa tizilombo m'thupi, ndipo mankhwalawo angathe kusiya kugwira ntchito.

Thandizo limene lilipo

Thandizo lalikulu ndi ngongole ya boma. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene ambiri amangoti Loans Board. Bungweli limabwereketsa ophunzira osowa ndalama za fizi ndi zothandizira pa moyo wa kusukulu. Ndalama ya fizi imapita kuyunivesite, ya zofunika zina imapita kwa wophunzira. Pali zinthu zitatu zimene kholo lililonse liyenera kudziwa.

Choyamba, kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti ngongole yapezeka. Wophunzira ayenera kupempha yekha, pa nthawi imene bungweli lalengeza, ndipo nthawiyo ikadutsa yadutsa. Chachiwiri, bungweli limafuna umboni woti mwana ndi wosowadi. Chachitatu, iyi ndi ngongole, iyenera kubwezedwa wophunzira akamaliza maphunziro. Bungweli linapatsidwanso ntchito yotolera ngongole zakale kuyambira za mu 1985, chifukwa anthu ambiri amene anathandizidwa sanabweze. Aliyense wa ife amene anaphunzira ndi ndalama zimenezi ndipo ali pantchito adziwe kuti kusabweza kwake n'kumene kukutsekera khomo mwana wamasiye wa ku Nkalo kapena kwa Likoswe.

Kupatula ngongoleyi, yunivesite iliyonse ili ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, imene mkulu wake amatchedwa Dean of Students. Makampani, mipingo, mabungwe ndi magulu a anthu amene anaphunzira pasukulupo akafuna kuthandiza ophunzira ovutika, nthawi zambiri amafunsa maina ku ofesi imeneyi. Mwana amene wakhala chete ndi vuto lake sadzalembedwa. Kuno kwathu, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Chiradzulu ndi malo oyamba kukafotokoza za mwana wamasiye. Bungwe la CAMFED, limene linayamba ntchito m'Malawi mu 2009, limathandiza atsikana osauka pa maphunziro. Ndi bwino kufunsa mphunzitsi wamkulu wa kusekondale kumene mwana anaphunzira za mabungwe amene akugwira ntchito m'deralo.

Tiyambe msanga

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kukonzekera kuyambe mwana akangolemba mayeso a Fomu 4, osadikira kuti maina atuluke.

Makolo ndi olera ana, onetsetsani kuti mwana ali ndi chiphaso cha unzika. Ngati makolo ake anamwalira, yambani kufunafuna zikalata za imfa ndi kalata ya kwa amfumu. Mabanja ambiri amene anaferedwa m'zaka zowawa za mliri alibe pepala lililonse, ndipo kulipeza kumatenga nthawi. Sungani malisiti ndi makalata a bungwe limene linkamulipirira ku sekondale, chifukwa ndi umboni woti pakhomo panalibe wolipira. Funsani ku yunivesite fizi ya chaka chimenecho, osadalira zimene munamva kwa mnzanu chaka chatha. Chenjerani ndi anthu oimba foni n'kumati tumizani ndalama tikupezereni ngongole kapena malo ogona.

A m'banja mukhale pansi, amalume, azakhali ndi onse amene ali m'tauni, mugawane mtolo. Wina atenge lendi, wina thumba la ufa pa teremu, wina thiransipoti. Mutu umodzi susenza denga. Lonjezo laling'ono limene limafika mwezi uliwonse limaposa ndalama zambiri zobwera kamodzi. Mabanki a m'mudzi, makomiti a mipingo ndi mizikiti, ndi magulu a anthu amene ali ndi HIV angathe kusankha wophunzira mmodzi wa m'dera lawo ndi kumutumizira ufa, nyemba ndi sopo.

Inu achinyamata amene muli pa ma ARV, musananyamuke pitani kuchipatala kumene mumalandira mankhwala mukawauze za ulendo wanu. Adzakupatsani kalata yosamutsira ku chipatala cha pafupi ndi sukulu, ndipo amene akumwa bwino mankhwala angathe kupatsidwa a miyezi ingapo nthawi imodzi. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kulikonse m'dziko muno. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa choti ali ndi kachilombo, ndipo kuulula za momwe mulili m'thupi ndi ufulu wanu. Komabe kukhala ndi mnzanu mmodzi wodalirika wokukumbutsani mankhwala kumathandiza kwambiri.

Inu amene mulibe kachilombo, dziwani kuti makondomu ndi kuyezetsa magazi ndi zaulere m'zipatala za boma. Kuli mankhwala a PrEP oteteza munthu amene ali pachiopsezo, komanso a PEP amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 munthu akagwiriridwa kapena kondomu ikaphulika. Mphunzitsi kapena wina aliyense akakuumirizani kugonana naye posinthana ndi malikisi kapena ndalama, umenewo ndi mlandu. Kanenani kwa akuluakulu a sukulu kapena kupolisi.

Pomaliza, tikupempha mafumu, aphungu, makhansala ndi mabungwe onse ogwira ntchito m'boma la Chiradzulu kuti chaka chino, maina akatuluka, dera lililonse lidziwe ana ake amene asankhidwa, ndiponso lidziwe amene sanapite ndi chifukwa chake. Tinagwirana manja kuti ana amenewa akhale ndi moyo. Tiyeni tigwiranenso manja kuti amalize sukulu ali athanzi.