Injiniya Kapena Mmisiri? Zimene Makoleji a Zaka Ziwiri ku America Amaphunzitsa

M'bale wa ku America akalemba kalata kuti mwana wanu wapezeredwa malo a "uinjiniya" pa community college, musafulumire kugulitsa ng'ombe. Yambani mwafunsa dzina lenileni la maphunzirowo, pakuti engineering ndi engineering technology ndi njira ziwiri zosiyana, ngakhale maina ake amveka ngati a mapasa.

Community college ndi koleji ya boma ya zaka ziwiri, yomangidwa pafupi ndi kumene anthu akhala. Yakale koposa ndi Joliet Junior College ya ku Illinois, imene inatsegulidwa mu 1901, ndipo lero makoleji otere alipo pafupifupi 1,000. Ambiri amalandira aliyense amene anatsiriza sekondale. M'kalasi imodzi mupezamo mnyamata wa zaka 18, msilikali wopuma nchito, ndi mai amene amabwera madzulo ataweruka ku fakitale.

Injiniya amalinganiza makina kapena ulalo pa pepala, ndipo maphunziro ake a zaka zinai amatsamira pa masamu akuya ochedwa calculus. Wa engineering technology amakhala pakati pa injiniya ndi anthu ogwira zitsulo. Amawerenga mapulani, amajambula pa kompyuta, amayesa mphamvu ya magetsi, amapima nthaka ndi konkire, ndipo makina akaima ndiye amafufuza pamene pafa. Masamu ake ndi opepukirapo, koma nthawi yambiri amaithera m'cipinda ca zida. Akatsiriza amalandira pepala la Associate of Applied Science, lomkonzera kuyamba nchito msanga. Ndi nchito yaulemu ndithu. Fakitale ikazima usiku, amene amadzutsidwa ndi iyeyu.

Koma apa ndi pamene mabanja amapunthwa. Mwana akafuna pambuyo pake kupita ku yunivesiti kukakhala injiniya, kawirikawiri amapeza kuti zina zimene anaphunzira sizikuwerengedwa, cifukwa sayansi yake sinali ya calculus. Amayenera kubwereza, ndipo caka cina ca ndalama cimapita. Ngakhale bungwe la ABET, limene limavomereza maphunziro otere, limayesa njira ziwirizi padera. Wofuna uinjiniya asankhe kuyambira tsiku loyamba maphunziro okonzedwera kusamukira ku yunivesiti, amenenso amapezeka pa makoleji omwewa.

Nanga za kuchipa zimene timamva? N'zoona kwa eni dera. Boma la Tennessee linayamba mu 2015 kulipirira ana ake otsiriza sekondale, koma mlendo amalipira mtengo wokwera, salandira thandizo la boma la America, ndipo m'caka coyamba visa ya wophunzira imamlola kugwira nchito pa koleji pokha, maola osapitirira 20 pa mlungu m'nthawi ya maphunziro. Kuwonjezera apo, mu December 2025 boma la America linaika Zambia pa gulu la maiko amene linawaimitsira ma visa a ophunzira.

Umisiri womwewu uliponso kwathu. Northern Technical College ku Ndola imaphunzitsa za magetsi, makina ndi magalimoto, pansi pa bungwe la TEVETA. Kuyambira 2022, ndalama za CDF zili ndi gawo lolipirira acinyamata maphunziro a luso, ndipo ofunsira amayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwao.