CIGAYO CA NYAMA COPUKUSA NDI MANJA

Misika ya fodya ikatsegulidwa ndipo cimanga cikalowa m'nkhokwe, mlimi amakhala pansi ndi mkazi wake kupangana za ndalama. Wina afuna malata, wina njinga, wina pulao. Pakati pa katundu wa m'masitolo a zitsulo pamapezekanso kacigayo ka nyama kopukusa ndi manja, kamene ambiri amangokapitirira. Ife taona kuti n'kwabwino tikufotokozereni za makina amenewa ndi m'mene amisiri anawakonzera, pakuti wogula cinthu cosacidziwa amataya ndalama za thukuta lake. Paja safunsa anadya phula.

Nonse mudziwa kuti ng'ombe imene yakoka ngolo zaka zambiri iri ndi nyama yolimba. Mbuzi yokalamba ndi tambala wamkulu ndi cimodzimodzi. Nyama yotere imatha nkhuni zambiri pophika, ndipo agogo amene mano anawathera, pamodzi ndi ana ang'ono, amangomwa msuzi, mnofu n'kusiyira ena. Koma nyama yomweyo mukaigaya ipsa msanga, ndipo aliyense pabanja aidya. Tizidutswa totsala pa mafupa, timene wogulitsa nyama akadataya, timasanduka ndiwo kapena soseji.

MAKINA OYAMBA

Kale ku Ulaya, popha nkhumba, anthu ankadula nyama ya soseji ndi mipeni pa thabwa, ndipo inali nchito ya tsiku lathunthu. Ambiri pochula munthu amene anayamba kupanga makina ogayira nyama amachula Karl Drais wa ku Germany, yemwe uja anapanga njinga ya matabwa yopanda mapedulo m'caka ca 1817. Koma mutu umodzi susenza denga. Makina amene tiri nao lero anatuluka m'manja mwa amisiri ambiri, yense kukonzako pamene mnzake analephera.

Makina ena oyamba anali bokosi la matabwa. M'kati mwake munali mtengo wobulungira wokhomedwa zikhomo mozungulira, ndipo munthu akapukusa, zikhomozo zinkakankhira nyama pakati pa mipeni yambiri yoimikidwa m'mbali mwa bokosilo. Zobvuta zake zinali zitatu. Mipeni inali yambiri, ndipo uliwonse unafunika kuucotsa ndi kuunola paokha. Matabwa ankamwa magazi ndi mafuta, nayamba kununkha. Ndiponso mitsempha ya nyama sinkaduka, inkangokulungana pa zikhomo.

Zinthu zinasintha pamene amisiri anasiya matabwa nayamba kuumba makina ndi citsulo cosungunula cothira m'cikombole. Kampani ya Spong inayamba ku London m'caka ca 1856, ndipo makina ake anafika m'makhichini a maiko ambiri. Ku Philadelphia, m'dziko la America, kampani ya Enterprise, imene inayamba m'caka ca 1864, inachukitsa m'zaka za m'ma 1880 mtundu wa mpeni umodzi ndi mbale imodzi ya ziboo. Ku Remscheid, m'dziko la Germany, kampani ya Alexanderwerk inayamba m'caka ca 1885, nayonso nichuka ndi makina otere. Mtundu umenewu ndiwo wakhalitsa kufikira lero.

ZIWALO ZAKE NDI NCHITO ZAKE

Mukamasula cigayo ca nyama mupeza ziwalo zisanu ndi cimodzi: thupi lokhala ndi khosi lothiramo nyama, citsulo copotana cochedwa sikuluu, mpeni wa nthambi zinai wooneka ngati mtanda, mbale ya ziboo, mphete ya mazinga yomangira mbaleyo, ndi cogwirira copukusira.

Nzeru ya sikuluu ndi yakale kwambiri. Imadziwika ndi dzina la Archimedes wa ku Syracuse, amene anakhalako zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo anthu ankakweza nayo madzi othirira minda. M'cigayo ca nyama sikuluu sakweza madzi, koma amatenga nyama pakhosi ndi kuikankhira kutsogolo. Mukamuyang'anitsitsa muona kuti mazinga ake ndi otalikirana kumbuyo, koma oyandikana kutsogolo. Amisiri anacita dala zimenezi. Kumbuyo malo ndi akulu kuti nthuli ilowe bwino, kutsogolo malo acepa kuti nyama ipanikizike ndi kulowa m'ziboo mwamphamvu.

Tsopano lowetsani cala m'thupi lopanda sikuluu, mumva nthiti za citsulo zoyenda m'litali mwake. Popanda nthiti zimenezi nyama ikadangozungulira pamodzi ndi sikuluu osapita kutsogolo, monga nati imene palibe woigwira imangozungulira pamodzi ndi bauti. Nthiti zimaigwira nyama kuti isazungulire, cotero iribe kolowera kwina koma kutsogolo. Makina amene nthiti zake ndi zosaoneka bwino, kapena amene sikuluu wake agwedera kwambiri m'thupi, amabweza nyama m'mbuyo, ndipo mwini wake atopa pacabe.

Pamene pagona nzeru yeniyeni ndi pa mpeni ndi mbale. Ambiri aganiza kuti makina amaphwanya nyama monga mtondo uphwanya cimanga. Iai, amaidula monga sizasi idula nsaru. Sikuluu akakankhira nyama m'ziboo, mpeni wozungulira umadutsa pakamwa pa ciboo ciriconse ndi kudula kacidutswa kamene kalowamo. Mbale siizungulira, cifukwa iri ndi kampata kamene kamakola pa kacikhomo ka m'thupi. Mudziwa kuti sizasi yolekana masamba imangotafuna nsaru. Momwemonso mpeni ukalekana ndi mbale ngakhale pang'ono, nyama imatuluka ngati phala, ndipo mitsempha imakulungana pa mpeni.

Cogwirira nco cimene cimapatsa munthu mphamvu. Tiyerekeze kuti ndi cotalika masentimita 20. Pa kuzungulira kumodzi dzanja liyenda masentimita pafupifupi 126, pamene sikuluu wakankha nyama masentimita atatu okha kapena kucepera. Ulendo wautali wa dzanja wasanduka mphamvu yaikulu pa mtunda waufupi, monga m'mene mtengo wautali ugubuduzira mwala umene manja okha alephera. Mbali ina ya mphamvuyo imatayika m'kukhulana kwa zitsulo, n'cifukwa cake opanga ena anaika mphete yosalala kapena mabering'i kumbuyo kwa sikuluu. Pa makina akulu ena anaikanso magiya, kuti munthu apukuse kangapo pamene sikuluu wazungulira kamodzi. Nchito icedwako, koma mkono suwawa.

ZIMENE ANAONJEZERA PAMBUYO

M'caka ca 1897 kampani ya Landers, Frary & Clark ya ku New Britain, m'cigawo ca Connecticut ku America, inatulutsa makina ochedwa Universal. Makina amenewa mpeni wake umakhala kunja, womangidwa ndi nati ya mapiko imene munthu amasula ndi zala, ndipo anali ndi mipeni yosinthanitsa ya nyama, ya ndiwo zamasamba ndi ya ciponde. Pambuyo pake anapanganso mtundu wina umene thupi lake limatseguka pakati, kuti mai athe kutsuka m'kati monse.

Cinthu cina cothandiza kwambiri cinali kugwirizana pa miyeso. Makina a mtundu wa Enterprise amadziwika ndi manambala. Nambala 5 mbale yake ndi ya mamilimita pafupifupi 54 m'mimba mwake, nambala 10 ndi 12 mamilimita 70, nambala 22 mamilimita pafupifupi 82, ndipo nambala 32 mamilimita pafupifupi 100. Nambala 10 amapanira m'mphepete mwa tebulo, pamene nambala 12 ali ndi miyendo yomangira ndi mabauti, koma mbale ndi mpeni n'zofanana. Popeza opanga ambiri amatsata miyeso imeneyi, mpeni ukatha mungathe kugula wina osataya makina onse. Ziboo za mbale nazonso ziri ndi miyeso yake: za mamilimita 3 ndi 4.5 ndi za nyama yosalala, za mamilimita 6 ndi 10 ndi za nyama yokhakhala.

Dzimbiri linali mdani wamkulu wa makina a citsulo. Poyamba ankawabviika m'citsulo coyera cochedwa tini kuti madzi asafike pa citsulo ceniceni, koma tini amasupuka ndi zaka. M'caka ca 1913 Harry Brearley wa ku Sheffield, ku England, anapanga citsulo cosacita dzimbiri, ndipo m'kupita kwa nthawi mipeni, mbale, ngakhale makina athunthu anayamba kupangidwa ndi citsulo cimeneci. Alipo ena a aluminiyamu, opepuka ndi otsika mtengo, koma amatha msanga. Ena ali ndi mphira pansi yomata pa tebulo losalala, koma mphirayo siigwira pa thabwa lokhakhala la kumudzi. Opanga ena anatalikitsanso khosi ndi kulicepetsa kuti zala zisafike pa sikuluu, naikapo kamtengo kokankhira nyama.

POGULA NDI POGWIRITSA NCHITO

Musanapereke ndalama, pemphani wa sitolo kuti mumasule makinawo. Ikani mpeni pa mbale ndi kuyang'ana ku dzuwa. Kuwala kukaoneka pakati pao, asiyeni. Onani ngati thupi liribe mng'alu, pakuti citsulo coumba cimasweka cikagwa kapena kumenyedwa ndi nyundo. Funsani nambala yake, ndi kufunsanso ngati mipeni ya nambala imeneyo ipezeka. Pa banja limodzi nambala 10 akwanira. Wogulitsa nyama kapena kalabu ya alimi asankhe nambala 22 kapena 32, womangidwa pa thabwa lolimba.

Pomanga, mbali yosalala ndi yakuthwa ya mpeni iyang'ane ku mbale. Ambiri amatembenuza mpeni, nayamba kunena kuti makina ndi acabecabe. Mangani mphete ndi manja kufikira mumve cogwirira cikulemerako pang'ono, musaimenye. Musapukuse makina opanda kanthu, cifukwa mafuta a nyama ndiwo amafewetsa zitsulo. Cotsani mafupa onse ndi mitsempha ikuluikulu, dulani nyama m'tizidutswa tatitali, ndipo gayani m'mamawa nyama isanatenthe, pakuti nyama yozizira imaduka bwino ndipo yofunda imamata. Ngati ndi ya ng'ombe yokalamba, yambani ndi mbale ya ziboo zazikulu, kenaka bwerezani ndi ya ziboo zazing'ono. Kankhani nyama ndi kamtengo, osati ndi zala, ndipo ana asasewere pafupi.

Mpeni ukabuntha, yalani sandipepa wosalala pa galasi, mumunyowetse, ndipo khulani mbali yosalala ya mpeni mouzunguza, osaupendeketsa. Citani cimodzimodzi ndi mbale, pakuti kunola mpeni wokha ndi kunola tsamba limodzi la sizasi. Musanolere pa mwala wonolera zikwanje, cifukwa mwalawo ndi wokumbika pakati.

Ticenjezenso alimi a cimanga kuti makina amenewa si cigayo ca ufa. Cimanga couma cimabunthitsa mpeni ndipo cingathe kuthyola sikuluu. Cigayo ca manja ca cimanga, monga ca Corona copangidwa ku Medellín m'dziko la Colombia, ciri ndi sikuluu wofanana, koma kutsogolo kwake kuli mbale ziwiri za mano zimene zimapera monga mphero ndi mwana wake. Mtedza wokazinga ndiwo ungagayidwe m'makina a nyama, mukaubwereza kangapo pa ziboo zazing'ono.

UKHONDO NDIWO MOYO

Pali cinthu cimodzi cimene msiri aliyense sangakukonzereni. Tizirombo tosaoneka ndi maso timakhala kunja kwa nthuli, ndipo moto umatipha msanga. Koma makina amasakaniza za kunja ndi za m'kati, cotero nyama yogaya imaonongeka msanga koposa nthuli. M'zaka za 1992 ndi 1993, m'zigawo za kumadzulo kwa America, anthu oposa 700 anadwala ndipo ana anai anamwalira ndi matenda ocokera ku nyama yogaya yosapsa bwino. Cifukwa cake phikani nyama yogaya tsiku lomwelo, ipse mpaka m'kati. Akatswiri a za umoyo amati kutentha kwa m'kati kufike madigiri 71.

Oweta nkhumba asamale koposa. Nyama ya masese imaoneka ndi maso pamene iri nthuli, koma mukaigaya masesewo abisika. Wodya nyama yotere yosapsa amagwidwa ndi njoka yaitali ya m'mimba, ndipo mazira a njokayo, akalowa m'thupi la munthu ndi cakudya kapena madzi oipa, angathe kufika ku bongo ndi kuyambitsa khunyu. Kugaya nyama ya masese kuti igulike ndi kupha anansi ako. Itanani mlangizi wa ziweto kapena wa za umoyo aone nyama musanaigaye.

Mukatha nchito, masulani ziwalo zonse nthawi yomweyo. Zengerezu analinda kwaukwau. Tsukani ndi madzi otentha ndi sopo, tokosani ciboo ciriconse ndi kamtengo, yanikani pa dzuwa kapena pafupi ndi moto kufikira ziume gwa, ndipo pakani mafuta ophikira pang'ono. Girisi wa njinga kapena oilo wa injini asakhudze makina a cakudya. Mangani mpeni ndi mbale m'kansaru kouma kuti zisasokere.

Cigayo cosankhidwa bwino ndi kusamalidwa motere cimatumikira banja zaka zambiri, kufikira adzukulu. Ngati mwaganiza zogula caka cino, tengani tsamba lino popita ku sitolo, ndipo musacite manyazi kumasula makinawo pamaso pa wogulitsa.