Mmene Shire Amasemera Thanthwe

Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Koma kodi adakumba khwaŵalo ndani? Yankho lili pa mtsinje wa Shire, pakati pa Matope ndi Kapichira, pamene madzi amatsika mamita pafupifupi 380 pa mtunda wa makilomita 80 okha.

Ntchito imeneyi idayambira pansi pa dziko. Malaŵi ali m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, mmene mphamvu za pansi zakhala zikukoka thanthwe uku ndi uku kwa zaka mamiliyoni ambiri. Thanthwelo litang'ambika, mbali zina zidakwera nkusanduka mapiri, monga a Kirk Range ndi mtunda wa Blantyre ndi Thyolo. Mbali zina zidatitimira, ndipo m'menemo ndimo mudakhala Nyanja ya Malaŵi ndi chigwa cha Chikwawa ndi Nsanje. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 ndi umboni wakuti kusunthako sikudathe.

Dziko likakwera mbali ina ndi kutsika mbali ina, njira ya mtsinje imasanduka chitsetse. Madzi amathamanga kwambiri, ndipo liŵiro limenelo ndilo limawapatsa mphamvu yodula thanthwe.

Madzi paokha ndi ofeŵa. Zida zake ndi mchenga, nsangalabwi ndi miyala imene amakokolola kumtunda. Monga mwala wa mphero umadya unzake mayi akamapera mapira, chomwechonso mchenga umapala thanthwe usana ndi usiku. Pamene pali mng'alu, madzi amaloŵerera, nagwedeza chigamphu cha mwala mpaka kuchizula. Penanso nsangalabwi zimagwera m'kadzenje, madzi nkumazizunguza ngati munsi, kufikira dzenjelo litafanana ndi mtondo. Asodzi amawaona maenje otereŵa madzi akaphwa m'chilimwe. Gawo lalikulu la ntchitoyi limachitika mtsinje ukasefukira, pakuti ndi pamene miyala ikuluikulu imagubuduzika.

Matanthwe salimba mofanana. Lofeŵa limadyeka msanga, pamene lolimba limatsala ngati khwerero, ndipo pamenepo pamabadwa mathithi. Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira ndi makwerero amene Shire sadamalize kusalaza. Makwerero omweŵa ndiwo adaletsa sitima ya David Livingstone kupitirira Kapichira mu 1859.

Mathithi nawonso sakhala malo amodzi. Madzi akamagumula mlomo wake, mathithiwo amabwerera kumtunda pang'onopang'ono, nasiya chigwa chakuya ndi chopanikiza kumbuyo kwake. Izi zimaoneka bwino pa mtsinje wa Zambezi. Kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya, mathithi otalika mamita 108 a m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, kuli maphompho okhotakhota, ndipo lililonse likusonyeza pamene mathithiwo adali kale. Mtsinje ukazama chonchi, magombe ake amagumukira m'madzi, timitsinje tothiramo natonso timakumba, ndipo dziko limene lidali lathyathyathya limasanduka zitunda ndi makwaŵa.

Zonse zimene Shire amasema kumtunda amakazitula kumunsi. Akangopitirira Kapichira, mtsinjewu umafatsa, numwaza matope m'chigwa cha Chikwawa ndi Nsanje. Dothi lachonde limene alimi amadzalapo thonje, nzimbe ndi chimanga cha m'dimba lidali mwala wa kumapiri.

Makwerero amene atsalawo ndi chuma cha dziko, pakuti kugwa kwa madzi ndiko kumazunguza makina a magetsi. Ku Nkula magetsi adayamba kupangidwa mu 1966, ku Tedzani mu 1973, ndipo ku Kapichira mu 2000. Komabe mphamvu yomweyo imaononga: mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, ndipo makina adaima kwa nthaŵi yoposa chaka.

Pali kusiyana kumene mlimi aliyense ayenera kukudziŵa. Mtsinje umatenga zaka zikwizikwi kuti udule thanthwe, koma phiri lopanda mitengo limataya dothi lake m'dzinja limodzi. Dothi limenelo limakwirira madamu ndi kupala zitsulo za makina monga mmene limapalira mwala. Palibe munthu angaletse Shire kusema thanthwe. Koma wosiya mitengo m'mbali mwa mtsinje ndi wolima mizere yopingasa chitsetse akuteteza munda wake pamodzi ndi nyale za m'zipatala ndi m'sukulu za kutali.