Ndani Amalankhulira Mlimi wa Soya?

Mu wodi ya Mbayani mulibe minda ya soya. Komabe mbewuyi imalowa pafupifupi m'khomo lililonse kuno. Nyama ya soya imene timagula m'timapaketi pa msika, mafuta ophikira oyezedwa m'timabotolo, phala la ana, ngakhale dzira ndi nkhuku yoyera, zonsezi mtengo wake umatsatira soya, pakuti chakudya cha nkhuku chimapangidwa ndi chimanga ndi zotsala za soya akamuyenga mafuta. Ambiri a ife tilinso ndi abale ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dedza, ku Ntchisi kapena ku Mzimba amene amadalira mbewuyi polipira fizi ya ana. N'chifukwa chake nkhani ya amene amayankhulira alimiwa pamaso pa boma ikutikhudza, tingakhale tili m'tauni.

Mkangano waukulu uli pa zipata za dziko. Lamulo la Control of Goods la chaka cha 2018 limapatsa nduna ya za malonda mphamvu yoletsa kapena kuchepetsa katundu wotuluka m'dziko, ndipo soya wakhala akukhudzidwa ndi ziletso zotere kangapo. Eni mafakitale oyenga mafuta ndi opanga chakudya cha ziweto, ena a iwo ali mu mzinda wathu uno, amanena kuti soya akapita yense kunja makina awo aima, antchito achotsedwa, mitengo ya mafuta ikwera. Mfundo imeneyi ndi yomveka, makamaka kwa ife amene anansi athu amagwira ntchito ku Chirimba ndi ku Makata. Koma mlimi naye ali ndi yake. Chipata chikatsekedwa nthawi yokolola, ogula amachepa, ndipo amene atsalawo ndiwo amatchula mtengo. M'chaka cha 2021 amalonda a ku India anafuna kwambiri soya wa kuno, mtengo unakwera, alimi ambiri nakuza minda yawo. Chaka chotsatira ambiri anadandaula kuti mtengo wa pa nthawi yokolola sunafanane ndi chiyembekezo chawo. Kenaka mu 2023, chaka cha namondwe wa Freddy, matenda a chiwawu anawononga soya m'minda yambiri, ndipo kusowa kwake tinakumva m'matumba mwathu kuno.

Kunena mosapsatira, mbali ziwirizi sizilingana mphamvu. Mafakitale ndi owerengeka, ali ndi mabungwe awo, maloya ndi akadaulo odziwa kulemba kalata ku Capital Hill tsiku lomwelo. Alimi ndi zikwizikwi, omwazikana, ndipo aliyense amagulitsa matumba ochepa kwa venda amene wabwera ndi sikelo pakhomo. Kusiyana kumeneku ndiko kunabala mabungwe a alimi. NASFAM inakhazikitsidwa mu 1997 kuti alimi ang'onoang'ono azisonkhanitsa zokolola ndi kugulitsira pamodzi. Farmers Union of Malawi inadza mu 2003 kuti ikhale liwu la alimi pokambirana ndi boma, ndipo CISANET imasonkhanitsa mabungwe omwe si aboma ogwira ntchito za ulimi. Mabungwewa amapereka maganizo awo pamene unduna wa za malimidwe ukukonza mitengo yoyambira kugulira mbewu, imene imalengezedwa chaka ndi chaka nthawi yokolola ikayandikira. Amakaonekeranso ku komiti ya za ulimi ya Nyumba ya Malamulo ndi ku misonkhano imene nduna ya za chuma imachititsa bajeti isanaperekedwe. Kuti mawu ochokera kwa anthu amatha kusintha zinthu tinaona mu 2022, pamene boma linachotsa msonkho wa VAT pa mafuta ophikira anthu atadandaula kwa nthawi yaitali.

Vuto ndi lakuti mtengo wolengezedwa sutanthauza mtengo wolipidwa. Mlimi amene ali ndi ngongole ya feteleza ndi mwana wodwala sadikira kuti lamulo limupeze, amagulitsa.

Nanga khonsolo ili pati pa zonsezi? Tisanamizane: khansala sangatsegule kapena kutseka chipata cha dziko, ndipo sakhazikitsa mtengo wa mbewu. Zimenezo ndi za boma ndi aphungu. Koma lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linaika misika ya mu mzinda ndi ziphaso za malonda m'manja mwa khonsolo, ndipo phungu wa dera lanu amakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo yonse. Choncho dandaulo lofika ku komiti ya chitukuko ya wodi limatha kudutsa kwa khansala, kulembedwa m'mabuku a msonkhano ku Civic Centre, n'kumveka kwa phungu amene ali ndi mwayi wofunsa nduna m'Nyumba ya Malamulo.

Amayi ophika ndi kugulitsa nyama ya soya, oweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndi onse okapikula mbewu kumudzi, bweretsani nkhani zanu ku komitiyi molemba, ndi masiku ndi mitengo imene munakumana nayo. Mukakayikira sikelo ya wogula, dziwani kuti bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene likulu lake lili konkuno ku Blantyre, ndilo limayesa masikelo a malonda ndi kuwadinda chizindikiro. Muli ndi ufulu wopempha kuona chizindikirocho thumba lisanakwere pa sikelo.