Ndege yopangira pakhomo imayambira pa sikelo

Mu 2016 manyuzipepala a m'maiko ambiri analemba za bambo wina wowotcherera zitsulo m'mudzi wina kumpoto kwa Lilongwe, amene ankapanga helikopita ya mpando umodzi. Anasonkhanitsa zitsulo zotha ntchito, naikamo injini ya 125cc, yonga ya njinga zamoto za kabaza zimene timakwera pa Liwonde ndi pa Balaka. Anthu ankakhamukira komweko kukaona. Ena ankamutama, ena ankati mutu wake sukuyenda bwino. Anachenjezedwanso kuti asayese kuuluka akuluakulu oona za maulendo apandege asanaiyendere.

Nkhaniyi ikutikhudza ife amayi chifukwa ana otere tili nawo m'makomo mwathu, aja amatola mawaya, mabatire akutha ndi timamota ta m'mawailesi. Mwana akanena kuti adzapanga ndege, kumuseka kapena kunong'ona za lichero ndi ufiti kumamufooketsa. Komanso kumulekerera kuti akwere chinthu chosayesedwa n'kuika moyo wake pachiswe. Tiyeni tidziwe pang'ono mmene ntchitoyi imayendera kuti tithe kumuwongolera.

Wopanga ndege amayamba ndi pensulo ndi sikelo, zowotcherera zimabwera pambuyo. Amawerengera kulemera kwa woyendetsa, mafuta, injini ndi thupi la ndegeyo. Ku America, ndege ya munthu mmodzi yololedwa kuuluka popanda chiphaso cha woyendetsa siyenera kupitirira makilogalamu 115 ikakhala yopanda munthu ndi mafuta. Zitsulo zimene timapangira mageti ndi mabedi n'zolemera kwambiri pa ntchito imeneyi.

Akadziwa kulemera, amapeza kukula kwa mapiko. Chimene chimanyamula ndege ndi mpweya wodutsa pa mapiko ikamathamanga, choncho injini ikakhala yofooka, mapiko ayenera kukhala aakulu ndi opepuka. Kenako amaona pamene katundu yense wakhazikika. Aliyense amene anamangirirapo thumba la chimanga kumapeto kwenikweni kwa kaliyala amadziwa mmene tayala lakutsogolo limadzukira. Ndege nayo ikalemera kumchira imadzutsa mphuno, liwiro n'kutha, n'kugwa.

Abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright, anali opanga ndi kukonza njinga zakapalasa. Asanauluke anayesa timapiko pafupifupi 200 m'bokosi lopemereramo mphepo, akulemba zotsatira zake. Pa 17 Disembala 1903, pafupi ndi Kitty Hawk, ndege yawo inauluka masekondi 12, mtunda wa mamita pafupifupi 37. Mphamvu ya injini yawo sinkasiyana kwenikweni ndi ya njinga yamoto ija, koma mapiko awo a mitengo ndi nsalu anali otalika mamita oposa 12. Helikopita ndiyo yovuta koposa, pakuti imayenera kunyamula katundu yense m'mwamba popanda kuthamanga kaye, ndipo izi zimafuna mphamvu yoposa ya injini ya kabaza.

Ana a m'dziko muno anaonetsa kale kuti kuyamba ndi kanthu kakang'ono kumapindulitsa. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserako timandege topanda woyendetsa, totchedwa madroni. Mu Novembala chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi sukulu ya Virginia Tech, anapanga timandege totchedwa EcoSoar ndi zipangizo zopepuka, zotsika mtengo. Kamodzi kanauluka kokha makilomita 19 kuchokera pachipatala cha Gogode kufika pabwalo la ndege la Kasungu. Mu 2020 bungwe la UNICEF linatsegula sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe, kumene anyamata ndi atsikana amaphunzira kupanga ndi kuulutsa timandegeti.

Kwa ife azamba, phindu lake n'loonekeratu. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV limatengedwa magazi likakwana masabata 6, ndipo timadontho touma pa kapepala timatumizidwa ku labotale. Zotsatira zikachedwa, mankhwala amachedwanso. Mu 2016 ku Lilongwe anayesa kunyamula timapepala totere pa droni. Ganizirani za Nayuchi, Chikweo kapena Utale m'nyengo ya dzinja, misewu itaterera, mitsinje itadzaza: kapepala kopepuka ngati tsamba kangathe kudutsa pamwamba pa zonsezo.

Tsono mwana wanu akayamba kulota zouluka, mufunseni kuti ndege yakeyo ikulemera bwanji. Mulimbikitseni pa masamu ndi sayansi, kaya ndi mnyamata kaya mtsikana. Ayambe ndi kandege ka m'manja kosanyamula munthu, ndipo asaike mapiko ozungulira pa injini pamene pali ana anzake. Akafuna kupitirira apo, afunse aphunzitsi ake ndi akuluakulu oona za ndege, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.