Woyeza Madzi a M'mitsinje: Ntchito Yake ndi Maphunziro Ake

Anthu ambiri owoloka milatho ya mitsinje ikuluikulu aonapo chitsulo choyera cholembedwa manambala, choimikidwa m'mphepete mwa madzi. Ena ayesa kuti ndi chizindikiro cha malire, ena akuti chinasiyidwa ndi omanga mlatho. Iyayi, chitsulo chimenechi ndi muyeso wa madzi, ndipo mwini ntchitoyo ndiye katswiri woyeza madzi, amene pa Chingerezi amutcha hydrologist.

Munthu ameneyu afuna kudziwa mvula imene yagwa, madzi amene alowa m'nthaka, ndi amene atsikira ku mitsinje ndi ku nyanja. Satero pongoyang'ana ndi maso ayi, koma awerengera. Mvula yokwana milimita 1 ikagwa pa munda wa hekitala 1, ndiye kuti pathiridwa malita 10,000, ndiwo ndowa 500 za malita 20. Tsono mvula ya usiku umodzi ya mamilimita 50 ndi madzi ochuluka ndithu, ndipo ngati phiri lili lopanda mitengo, ambiri a madziwo athamangira ku mtsinje nthawi imodzi.

Poyeza mtsinje, katswiriyo alowa m'madzi ndi ndodo imene ili ndi kachitsulo kozungulira monga chipupa cha boti. Madzi akamathamanga, kachitsuloko kazungulira msanga. Ayezanso kutambalala kwa mtsinje ndi kuya kwake m'malo angapo. Mtsinje wotambalala mamita 10, wakuya mita 1, umene madzi ake ayenda theka la mita pa sekondi, upititsa malita 5,000 pa sekondi iliyonse, ndiwo ndowa 250. Akayeza chotero kambirimbiri, pa chilimwe ndi pa dzinja pomwe, adziwa madzi amene apita pamene mtsinje wafika pa nambala yakutiyakuti ya chitsulo chija. Kuyambira pamenepo nambala yokhayo ikwanira kumuuza.

Koma katswiri mmodzi sangakhale pa mtsinje uliwonse. Chifukwa chake pafupi ndi muyeso pamakhala munthu wa m'mudzi womwewo amene awerenga nambala m'mawa ndi madzulo nalemba m'buku. Ntchito imeneyi ioneka yaing'ono, koma ndiyo maziko a zonse. Wowerenga waulesi amene akhala pakhomo pa tsiku la mvula nalemba nambala ya m'mutu anyenga katswiri, ndipo katswiri anyenga womanga mlatho. Mlathowo ukamangidwa mofupika, madzi a chaka china adzaukokolola. Tsiku la mvula yaikulu, limene munthu afuna kukhala m'nyumba, ndilo tsiku limene nambala yake ifunika koposa.

Phindu la mabuku otere lioneka bwino pa Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire. Anthu ambiri ayesa kuti Shire sangaphwe, koma zolembedwa zisonyeza kuti kuyambira 1915 kufikira 1935 nyanja inatsika kwambiri, mchenga unatseka potulukira, ndipo madzi a nyanja analeka kulowa mu Shire. Ndiponso chodabwitsa n'chakuti madzi ambiri amene nyanja itaya chaka ndi chaka achoka ndi dzuwa ndi mphepo. Shire atenga gawo laling'ono chabe. Chotero zaka zingapo za mvula yochepa zikatsatizana, mtsinjewo uvutika msanga.

Pofuna kusunga madzi, Boma linamanga zitseko za Kamuzu Barrage pa Liwonde mu 1965. Kutsegula kapena kutseka zitsekozi si nkhani yamasewera. Kumunsi kwake kuli makina a magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mipope yotunga madzi a mzinda wa Blantyre pa Walker's Ferry, ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsika, ndipo magetsi anali kuzimazima m'dziko monse. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, anthu nadandaula kuti zitseko zitsegulidwe. Komatu kutsegula mopitirira muyeso ndiko kumiza minda ndi midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Akuluakulu oweruza nkhani yovuta yotereyi adalira manambala a woyeza madzi. Manambala omwewo athandiza bungwe la National Water Resources Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, pogawa zilolezo kwa ofuna kupatutsa mtsinje kapena kumanga damu.

Mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchito imeneyi ayenera kulimbikira masamu koposa zonse, pamodzi ndi sayansi ndi jogalafe, nakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Atatero aphunzira zaka 4 kapena 5 ku sukulu ya ukachenjede. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a kasamalidwe ka madzi, ku MUBAS ku Blantyre kuli a zomangamanga, ndipo ku Bunda kuli a ulimi wothirira. Ambiri awonjezerapo maphunziro ena pambuyo pake. Masiku ano afunikanso kudziwa kompyuta, pakuti miyeso ina itumiza yokha manambala ku ofesi. Koma satifiketi payokha sikwanira. Afunika munthu wopirira, wosaopa matope ndi udzudzu, wodziwa kusambira, wochenjera ndi ng'ona, ndiponso wolankhula mwaulemu ndi mafumu ndi eni minda ya m'madimba kumene ayika zida zake.

Aphunzitsi angathe kuyamba ndi ana awo pa sukulu pomwepo. Chitini cha mbali zowongoka, choikidwa poyera patali ndi denga ndi mitengo, chikwanira. Mwana mmodzi ayeze madziwo ndi lula m'mawa uliwonse, alembe, nawataye.

Pali dandaulo limodzi. M'malo ena anthu azula zitsulo za muyeso kukasula nazo zipangizo kapena kukagulitsa, ndipo buku limene lalembedwa zaka zambiri lidukira pomwepo. Madzi amene apita osayezedwa sangayezedwenso. Munthu aliyense woona muyeso utagwa, utakwiririka ndi mchenga kapena utabedwa, akauze anyakwawa kapena a ofesi ya zamadzi ya pa boma lake msanga, mvula isanayambe.