SUKULU ZADZAZA KU CHADIZA: NANGA MPHUNZITSI AKHALA KUTI?

Kuyambira mu January caka ca 2022, pamene boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linacotsa malipiro a sukulu kufikira ku sekondale, ana ambiri amene anali atakhala pakhomo anabwerera ku maphunziro. M'boma la Chadiza, m'madera a mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, makolo amene kale anali kugulitsa nkhuku kapena thumba la cimanga kuti mwana asapitikitsidwe, anapumako.

Komabe cipinda cimene cinamangidwira ana owerengeka tsopano cadzaza mpaka pakhomo. Mphunzitsi mmodzi sangathe kuona m'kope la mwana aliyense, ndipo mwana wamanyazi wokhala kumbuyo angathe kufika Giredi 4 asanadziwe kuwerenga dzina la mudzi wake.

Pofuna kucepetsa bvutoli, boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496 m'caka ca 2022. Koma kulemba mphunzitsi ndi nkhani ina, kumsunga pa sukulu ya kumudzi ndi nkhani inanso. Mphunzitsi akafika pa sukulu ya kufupi ndi malire a Mozambique napeza kuti palibe nyumba, madzi ali kutali ndipo mseu umabvuta m'dzinja, amakacita lendi pa Boma ndi kumapalasa njinga m'mawa uliwonse. Mvula ikagwa amafika mocedwa, ndipo posakhalitsa amapempha kusamuka.

Apa mpamene makolo ayenera kudziwa mphamvu zao. Ndalama za citukuko za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'caka ca 2022. Ndalamazi zimamanga zipinda zophunziriramo ndi nyumba za aphunzitsi, kugula madesiki, ndiponso kulipirira ana osauka pa sukulu zogonera komweko monga Chadiza Boarding. Koma sizibwera zokha. Pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi, ndipo mudzi wosapita ku msonkhano umangomva kuti anzao amangiridwa.

Mphunzitsi wamkulu nayenso ali ndi katundu wolemera. Ndiye asunga ndalama zimene boma litumiza m'malo mwa malipiro, ndiye ayang'anira anzake, ndiponso ndiye atsogolera maphunziro atsopano amene anayamba mu 2025, pamene Fomu 1 inabwereranso ku sekondale. Mtsogoleri wabwino amawerenga poyera ndalama zolowa ndi zotuluka pa msonkhano wa makolo, ndipo makolo ali nao ufulu wofunsa.

Bvuto lina lili m'midzi mwathu momwe. Anyamata ena amatha zaka ali ku ubusa wa ng'ombe za eni, kuyembekezera kulipidwa ng'ombe imodzi, pamene anzao akuphunzira. Atsikana ena amasiya sukulu cifukwa ca mimba ndi ukwati. Dziwani kuti kuyambira mu 1997 mtsikana akabala amaloledwa kubwerera ku sukulu, ndipo lamulo la 2023 likuletsa ukwati uliwonse, ngakhale wa cikhalidwe, kwa munthu wosakwana zaka 18.

Inu makolo ndi anyakwawa, msonkhano wa wadi ukaitanidwa, pitani mukachule nyumba ya mphunzitsi poyamba. Ndipo madzulo ano mupatseni mwana wanu nyuzipepala ino akuwerengereni ndime imodzi. Akalephera, mawa lomwe kaonaneni ndi aphunzitsi ake.